Mkangano wa Amisiri Umalowa M'khoma

 Inu amisiri, omanga, akalipentala, mapulambala, amagetsi ndi owotcherera, osaiwala anyamata okanda matope ndi amayi otunga madzi, nkhani ya lero ndi yanu. Tikamba za chipongwe ndi mikangano imene imabuka pamalo omangapo nyumba, pakati pa anthu amene aliyense adapatsidwa chigawo chake cha ntchito imodzi.

Ndiyambe ndi funso. Kodi mudayamba mwaimapo pafupi ndi nyumba imene ikumangidwa, ku Area 49, ku Chileka kapena ku Luwinga, n'kumvetsera mawu otuluka m'katimo? Kawirikawiri mumamva nthabwala ndi nyimbo, chifukwa amisiri ndi anthu ansangala. Koma tsiku lina mumva wina akukuwa kuti, "Ndani wagoba khoma langa?" Mnzake ayankha ali pamwamba pa katawala, "Khoma lake liti, lokhotakhotali?" Apo mafosholo amaima, wilibala imatsamira pamulu wa mchenga, ndipo odutsa m'njira amachepetsa liwiro kuti aone kumene zithere.

Ambiri tikamva zotere timangopukusa mutu, n'kunena kuti ndi mmene amayankhulira anthu a ntchito ya thukuta, ndi kuti dzuwa likamalowa adzakhala ataiwala. Ine ndikukana. Mawu oipa onenedwa pamalo omangapo nyumba sauluka ndi mphepo ayi. Amalowa m'khoma. Ndibwereze: amalowa m'khoma. Pakuti mmisiri amene wanyozedwa pamaso pa anyamata ake, ngakhale atapanda kubwezera ndi pakamwa, ngakhale atatolanso zida zake n'kupitiriza ntchito ngati palibe chachitika, mtima wake wachokapo kale pa nyumbayo, ndipo cholakwika chimene akadachiona n'kuchenjeza mnzake adzangochiyang'ana, nanena mumtima kuti, "Zake zimenezo, aona yekha." Kukhala chete kumeneko n'kumene mwini nyumba adzakupeze patapita zaka, pamene khoma lachita ming'alu ndipo denga likudonthera ana ake ali mtulo.

Tsono tiyeni tione kaye kumene moto umenewu umayambira.

Gwero loyamba ndi ndondomeko ya ntchito. Makolo adanena kale kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo palibe malo amene mwambiwu umaoneka bwino kuposa pa nyumba yomangidwa; koma chimene timaiwala n'chakuti ntchito ya mmisiri aliyense imakhala pamwamba pa ntchito ya mnzake. Kalipentala amakhoma denga pa khoma limene sadamange iye. Wowotcherera amabwera ndi mafelemu oti alowe m'mipata imene adasiya wina. Pulambala ayenera kuyala mapaipi ake konkire ya pansi isanathiridwe, ndipo wamagetsi ayenera kulowetsa timapaipi ta mawaya m'khoma pulasitala isanapakidwe. Taganizani tsono. Womanga wamaliza pulasitala, wasalaza bwinobwino, waima chapatali n'kumasirira ntchito ya manja ake. M'mawa mwake wamagetsi, amene palibe adamuitana pa nthawi yake, afika ndi hamala ndi tchizulo n'kuyamba kugoba mizere kuchokera kudenga mpaka pansi. Womanga apsa mtima, ndipo ali ndi chifukwa. Wamagetsi naye apsa mtima, ndipo ali ndi chifukwa, pakuti mawaya sangawapachike m'malere. Kodi wolakwa ndani pamenepa? Wolakwa ndi amene adayenera kuwakhazika pansi awiriwa ntchito isanafike pamenepo, koma sadatero.

Ndikupatseni chitsanzo china, choopsa kuposa chimenechi. Akathira silabu ya nyumba yosanja, konkire imafuna kuthiriridwa madzi masiku angapo, ndipo mphamvu yake yokwanira imafika patapita pafupifupi masabata anayi. Mitengo yochirikiza kunsi kwake siyenera kuchotsedwa injiniya asanalole. Koma mwini mitengoyo ndi matabwa ali ndi ntchito ina kwina, ndipo akufuna katundu wake lero. Ngati iye ndi womanga amayankhulana, adzamvana, wina adzadikira. Koma ngati adatukwanizana dzana, ndipo tsopano amangodutsana osapatsana moni, kodi adzapita kukapempha chilolezo kwa munthu amene adamutchula kuti chitsiru? Sadzapita. Adzatuma anyamata ake m'bandakucha, mitengo idzazulidwa, ndipo silabu idzasenza katundu isanakhwime. Amene adzagone pansi pa silabuyo sadamve nawo n'komwe kutukwanako.

Ngakhale matope enieniwa amatichitira umboni. Simenti ikakumana ndi madzi siyembekeza munthu; imayamba kugwira basi, kaya akulu amvana kaya sadamvane. Pamene mabwana awiri akulozana zala kwa ola lathunthu, matope amene dakaboyi adakanda akuuma pansi, ndipo mkangano ukatha, mnyamatayo, poopa kunenedwa kuti waononga simenti, amangowazamo madzi n'kukandanso. Matope otere mphamvu yake yachepa kale. Njerwa zimene zaikidwa masana amenewo zakhala pa matope ofooka, ndipo pulasitala idzabisa zonse. Mwaona kodi mmene mkangano umalowera m'khoma?

Gwero lachiwiri ndi ndalama, ndipo pamenepa sinditalikitsa, chifukwa nonse mukudziwa. Mwini ntchito achedwa kulipira kontirakitala wamkulu. Wamkuluyo achedwetsa amene adawagawira zigawo. Iwonso auza anyamata awo kuti adikire Lachisanu, ndipo Lachisanu likafika awauza za Lachisanu linalo. Munthu amene wachoka kunyumba kopanda ufa, mwini nyumba ya lendi akumudikira pakhomo, safuna chifukwa chachikulu kuti alalate. Wilibala yobwerekedwa osapempha ndi yokwanira. Mikangano yambiri imene imaoneka ngati ya fosholo kapena ya mulu wa mchenga, muzu wake ndi malipiro ogonekedwa. Si pachabe kuti chilamulo cha Mose chidaletsa kusunga malipiro a waganyu usiku wonse kufikira m'mawa, pakuti wopereka lamulolo adadziwa kuti wosauka amawerengera dzuwa lomwelo. Ndipo thumba la simenti likasowa m'sitolo, pamalo pamene anthu sadalipidwe, aliyense amaloza mnzake, mlonda ndiye woyamba kulozedwa.

Gwero lachitatu ndilo limene eni nyumba sakonda kulimva, koma ndilinena ndithu mwaulemu. Ndi kuchuluka kwa olamula. Masiku ano nyumba zambiri m'matauni athu ndi kumidzi komwe zikumangidwa ndi ndalama za abale athu amene ali ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku Ulaya, ndipo ndi chinthu chotamandika kuti munthu akumbukire kwawo. Koma taonani mmene zimakhalira. Mwini ndalama atumiza mawu pa WhatsApp kwa womanga kuti windo la kuchipinda likulitsidwe. Mlamu wake, amene adasiyiridwa kuyang'anira, anali atauza kale wowotcherera muyeso wakale. Mayi a kunyumba nawo abwera Loweruka n'kulamula kuti khomo la kukhitchini lisunthidwe. Tsiku loika mafelemu, palibe chimene chikulowa pamalo pake, ndipo amisiri awiri amene aliyense adamvera mokhulupirika zimene adauzidwa ayamba kutchulana mbuli. Atambala awiri salira m'khola limodzi, nanga atatu? Buku Lopatulika limatiuza za anthu a ku Babele, amene njerwa anali nazo, zoumba ndi kuwotcha okha, mphamvu anali nazo, cholinga chinali chimodzi, koma nsanja idaima tsiku limene mmisiri adaleka kumva chimene mnzake akunena.

Pali gwero lachinayi, limene limandiwawa koposa onsewa, ndilo kupeputsana. Mnyamata wochokera ku Soche Technical College kapena ku Lilongwe Technical College, setifiketi ili m'thumba, amamuyang'ana mkulu amene adaphunzirira ntchito pa katawala ngati munthu wongoyerekeza. Mkuluyo naye, amene wamanga nyumba kuyambira mnyamatayo asanabadwe, amati za m'mabuku sizimanga khoma. Onse awiri akutaya chuma. Wina amadziwa kuwerenga pulani ndi kuwerengera kulemera kwa denga. Wina amadziwa dothi la dera limenelo, kumene madzi amadzera mvula ikagwa, ndi mchenga wa mtsinje uti umene uli ndi matope ambiri. Safunsa adadya phula, ndipo mwambiwu susankha wophunzira kapena wosaphunzira.

Kupeputsa kumeneku kumatsika mpaka pansi, kwa amene alibe poyankhira. Dakaboyi amaitanidwa kuti "iwe" tsiku lonse, ngati makolo ake sadamutche dzina, chikhalirecho khoma lonse ladutsa pa mapewa ake. Amayi otunga madzi, amene popanda iwo palibe simenti ingakandidwe, amamva mawu amene mwamuna sangalole kuti anenedwe kwa mlongo wake. Ndipo kuyambira pamene bungwe la TEVETA lidakhazikitsidwa mu 1999, taona atsikana ochulukirapo akuphunzira zomangamanga, zamagetsi ndi zowotcherera. Mwana wamkazi wotere akafika pa ntchito atavala ovolosi, n'kulandiridwa ndi malikhweru ndi mawu a zaumaliseche, amene wachita manyazi si iye ayi, koma amuna akuluakulu amene aiwala kuti nawonso ali ndi ana aakazi. Ndikupemphani, inu akapitawo, chimenechi musachiyese nthabwala. Chiletseni tsiku loyamba lomwelo, pamaso pa onse.

Tsopano titembenukire ku funso lalikulu. Nanga tichite chiyani?

Choyamba, mkangano uzithetsedwa usanabadwe. Pamene mfumu Solomo idafuna kumanga Kachisi ku Yerusalemu, idayamba yapangana ndi Hiramu mfumu ya ku Turo, kuti uyu apereka mitengo ya mkungudza ya ku Lebanoni, uyo alipira ndi tirigu ndi mafuta chaka ndi chaka. Ndipo miyala idasemedwa kumene idakumbidwa, kotero kuti pamalo omangapo sipadamveke phokoso la nyundo kapena nkhwangwa. Bata la pamalo omangapo lidachokera ku mapangano amene adachitika kale, kutali ndi khoma. Nafenso, maziko asanakumbidwe, amisiri onse amene adzakhudze nyumbayo akhale pansi pamodzi, pulani ili pakati, amvane kuti ayamba ndani, atsatira ndani, mchenga wa yani utsitsidwa pati, madzi agawidwa bwanji, ndipo amene adzagobe khoma la mnzake adzalikonza ndi simenti ya yani. Makampani akuluakulu amachita misonkhano yotere kawirikawiri ndipo amalemba zimene agwirizana. Inu omanga nyumba ya zipinda zitatu musati zimenezo n'za akuluakulu okha. Kukhala pansi pa mtengo m'mawa wa Lolemba, tiyi asanazizire, sikulira ndalama.

Chachiwiri, pakhale pakamwa pamodzi. Mwini nyumba asankhe munthu mmodzi, kaya ndi kapitawo kaya ndi kontirakitala wamkulu, ndipo mawu onse osintha ntchito azidzera kwa iyeyo. Akafuna kukulitsa windo, asauze womanga kumbali. Auze kapitawo, ndipo kapitawo auze onse amene windolo likuwakhudza. Ku Blantyre kuli tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. M'busa David Clement Scott, amene adatsogolera ntchitoyo, sadaphunzire za kamangidwe kusukulu, ndipo amene adaumba njerwa ndi kuziyala anali makolo athu a m'dera lomwelo, amene adaphunzirira ntchito pomwepo. Chikhalirecho nyumba ija ilipo mpaka lero, ndi nsanja zake ndi zipilala zake. Sindikunena kuti maphunziro ndi achabe, kutalitali. Ndikunena kuti anthu ambiri omvera liwu limodzi amaimika chinthu chimene akatswiri okokanakokana sangachiimike.

Chachitatu, ndipo apa mvetserani bwino inu nonse ogwira zida. Mnzanu akalakwitsa, kapena akakuyankhulani mwachipongwe, musamuyankhe muli pamwamba. Pa katawala si pokambira mlandu. Pa denga si pokambira mlandu. Munthu wopsa mtima saona pamene akuponda, ndipo m'manja mwake muli hamala, pansi pake pali mitu ya anzake. Tsikani kaye. Ikani chida pansi. Imwani madzi. Kenako mutengereni mnzanuyo kuseri kwa nyumba, kumene anyamata ake ndi anu sakumva, pakuti Ambuye Yesu adaphunzitsa kuti mbale wako akakuchimwira uyambe wamuona pa awiri, ndipo akakana kumva ndi pamene utenge mboni. Nzeru imeneyi pa ntchito yomanga ndi yamtengo wapatali, chifukwa mmisiri amene wadzudzulidwa pagulu samenyeranso khoma lake, amamenyera ulemu wake, ndipo adzaumirira kuti khoma lokhota ndi loongoka kufikira dzuwa litalowa, koma yemweyo, mukamuuza muli awiri, kawirikawiri amangokanda mutu n'kunena kuti, "Zoonadi achimwene, tigumula mizere iwiriyi."

Ndipo pokambirana, lolani kuti zida ziyankhule m'malo mwa pakamwa. Amisiri muli ndi mwayi umene anthu a ntchito zina alibe, pakuti mikangano yanu yambiri ili ndi woweruza wosakondera. Levulo ilibe mbale. Tepi siopa munthu. Chingwe chikakokedwa kuchokera pangodya kufika pangodya, sichifunsa kuti mudaphunzira kuti. M'malo monena kuti, "Inu simudziwa kumanga," nenani kuti, "Akulu, tabwerani tiyese limodzi." Mawu oyambawo akuweruza munthu; achiwiriwo akuweruza khoma. Khoma likhoza kugumulidwa n'kumangidwanso madzulo omwewo, koma munthu amene mwamuweruza adzakusungirani mpaka nyumba itatha.

Wina afunsa kuti, nanga ngati mnzangayo ndi wamwano chibadwire, woti ngakhale umupatse ulemu wotani amangokubwezera zitonzo? Anthu otere alipo, sindikana. Nehemiya pomanganso linga la Yerusalemu adakumana ndi Sanibalati ndi Tobiya, amene adaseka ntchito yake nanena kuti ngakhale nkhandwe itakwerapo idzaligwetsa; ndipo pamene Sanibalati adamuitana kuti atsike akakumane naye kuchigwa, iye adakana kusiya ntchito. Kusabwezera chitonzo si mantha. Koma kusabwezera sikutanthauza kungopirira mpaka kalekale. Muuzeni munthuyo kamodzi, momveka, mopanda kukuwa, kuti mawu otere simuwalandira. Akabwereza, pitani kwa kapitawo. Ndipo inu akapitawo, kumbukirani kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Musamve mbali imodzi. Musaweruze mokomera amene mumamwa naye tiyi. Ngati pali wina amene waopseza mnzake ndi chida, kapena wafika pa ntchito ataledzera, ameneyo atuluke pamalopo tsiku lomwelo, ngakhale akhale katswiri wotani, chifukwa luso lake silingaukitse munthu wogwa kuchokera pa denga.

Chachinayi ndi kope ndi cholembera. Ife timakonda kupangana ndi pakamwa, ndipo timaona ngati kupempha kuti zilembedwe n'kukayikira mnzathu. Koma pakamwa pamaiwala, makamaka pa ndalama. Pamalo aliwonse omangapo pakhale kope limodzi, mmene muzilembedwa matumba a simenti amene alowa ndi amene atuluka, kusintha kulikonse kumene mwini nyumba walamula, ndi ndalama zimene wina walandira, iye mwini n'kusainira. Musanakwirire mapaipi kapena kuthira konkire pa zitsulo, jambulani ndi foni. Tsiku la mkangano, kope limenelo lidzapulumutsa ubale umene malumbiro sakadaupulumutsa.

Zikakanika pamalopo, njira zilipo, ndipo si chibakera. Wantchito amene wamanidwa malipiro ake apite ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, ndipo zikavuta kumeneko kuli khoti loona za apantchito, la Industrial Relations Court. Makontirakitala awiri amene asemphana pa mgwirizano wawo ayambe ayang'ana zimene adalemberana, pakuti mapangano olembedwa bwino amatchula amene adzaweruze pakabuka kusamvana, nkhani isanafike kukhoti. Boma lidakhazikitsa bungwe la National Construction Industry Council ndi lamulo la 1996 kuti lizilembetsa makontirakitala ndi kuyang'anira kagwiridwe kawo ka ntchito. Choncho inu eni nyumba, musanapereke ntchito yaikulu kwa munthu, funsani ngati adalembetsedwa, kuti tsiku la mavuto mudzakhale ndi kokadandaula.

Ndisanatsanzike, mawu awiri kwa inu amisiri achinyamata amene mwangoyamba kutenga ntchito zanuzanu. Dziko lathu ndi laling'ono, ndipo ntchito yomanga imayenda ndi mbiri. Pulambala amene mwamutukwana lero ku Area 25 ndi yemweyo amene mawa adzafunsidwe ndi bwana wina ku Area 43 kuti, "Kodi mukudziwako womanga wabwino?" Akulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ntchito zambiri zimene amisiri amapeza sizichokera pa chikwangwani cha pamsewu. Zimachokera kwa mmisiri mnzawo amene adagwira naye bwino, natchula dzina lawo pamene iwo kulibe. Mvula ikayandikira, mwezi wa Novembala, pamene aliyense akuthamangira kufolera nyumba isananyowe ndipo mitima yafupika, pamenepo mpamene eni ntchito ndi akapitawo amaona amene angamuitanenso chaka chamawa.

 Inu amene mawa mukwere katawala, mangani bwino matabwa musanapondepo.